Kupatsa N'kuika, Koma Tikuika M'manja mwa Yani?

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ponena mawuwa ankaganiza za lichero la ufa limene umatumiza kwa mnzako mwezi wa njala, ukudziwa kuti chaka china nkhokwe yako ikadzapepuka, lichero lomwelo lidzabwerera pakhomo pako litadzaza. Ndi mwambi wa anthu omwa chitsime chimodzi, olirana maliro, amene ngakhale ayambane chotani sangathawane. Chimene wapereka sichinatayike. Wangochisungitsa kwa mnzako.

Koma kholo la lero likamagulira mwana wake wamkulu njinga yamoto, makina osokera, chigayo kapena puloti, limaika chinthucho m'nyumba ya anthu awiri, ndipo mmodzi mwa awiriwo si magazi ake. Sitima ya anthu ikaima pa Nayuchi pamatsika malata, matumba a simenti ndi mafelemu a zitseko. Wina mwa katunduyu mbiri yake ndi yodziwika: mayi wasunga ndalama za mpunga zaka ziwiri, bambo wagulitsa mbuzi ndi ukonde, kuti mwana amene analowa m'banja chaka chatha asamagone m'nyumba yodontha. Katundu akafika pakhomo pamamveka nthungululu. Tsiku limenelo palibe amafunsa funso limene limadzaimitsa anthu mitu: banjali likadzatha, malatawa adzatsala ndi yani?

Kufunsa chonchi si kutemberera banja la ana. Kwathu kuno maukwati amatha, ndipo sizinayambe dzulo. J. Clyde Mitchell, amene anakhala pakati pa Ayao a chigawo chino kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 n'kutulutsa buku la The Yao Village mu 1956, anapeza kusudzulana kuli kofala, ndipo anaona kuti chogwira mudzi si ukwati ayi koma mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo pansi pa malume. Mu 2003 Georges Reniers anasanthula mbiri za maukwati a m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, n'kupeza kuti maukwati 40 mpaka 65 mwa 100 alionse ankathera m'chisudzulo, ndipo Balaka ndiye anali patsogolo. Choncho kholo limene likuda nkhawa ndi thukuta lake silikulota. Likuwerenga zimene laona m'mudzi mwake.

Makolo athu akale anali nalo yankho, ndipo linkakwanira moyo wa nthawi yawo. Pa chikamwini munda ndi wa mbumba ya mkazi. Mkamwini amabwera, amamanga nyumba pamalo a apongozi ake, amalima, amabereka. Banja likatha ankhoswe amakumana, mwamuna amanyamula zovala, khasu ndi nkhwangwa yake n'kubwerera kwawo, nyumba imatsala ndi mkazi ndi ana. Mpaka lero khoti la majisitireti, likamathetsa ukwati wa chikamwini, limatha kulamula mwamuna amene sanamangire mkazi wake nyumba kwawo kuti akamange kapena apereke ndalama zake. Kalelo panalibe choti n'kulemba, chifukwa chuma chenicheni chinali dothi, ndipo dothi silisamuka. Aliyense ankadziwa mwini wake asanabadwe n'komwe.

Chuma cha lero chimayenda. Njanji yochokera ku Nkaya inafika pano pa Nayuchi mu 1970, kutilumikiza ndi doko la Nacala, ndipo masiku ano sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa pano kulowera ku Entre Lagos ndi Cuamba. Anyamata athu ambiri ali ku Joni, akutumiza ndalama pafoni. Ndalamazo, pamodzi ndi za mpunga ndi matemba, zikugula zinthu zimene mwambo sunaziikire malire. Njinga ikhoza kugona pa Nayuchi lero, mawa n'kupezeka yagulitsidwa ku Mecanhelas. Puloti ya pa Ntaja kapena pa Liwonde si ya mbumba ya mkazi, si ya mbumba ya mwamuna. Mwini wake ndi amene dzina lake lili papepala, kapena amene mboni zake zili ndi mawu amphamvu.

Amene anakhalapo pabwalo la amfumu tsiku logawana katundu akudziwa mmene zimakhalira. Katundu amatulutsidwa n'kuunjikidwa pansi pa mtengo wa mango: mapoto, ndowa, matiresi, wailesi, sola ndi batire lake. Izi sizichedwetsa. Nkhani imauma akafika pa njinga yamoto. Bambo a mwamuna amaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo amfumu. Njingayi ndinagula ndine. Ndinagulitsa mpunga wanga wonse kuti mwana wangayu aziyendetsa kabaza. Mayiwa anaipeza bwanji?" Malume a mkazi nawo amaomba m'manja. "Amfumu, sitikukana kuti bambowa ndiwo anagula. Koma tsiku limene ankaibweretsa, ife tinalipo. Anati, ana anga, nayi njinga, muzithandizikira. Ndipo injini itafa dzinja lathali, ndi mwana wathuyu amene anakatenga ngongole ku banki m'khonde n'kukonzetsa. Ngongoleyo mpaka pano akubweza yekha." Amfumu amafunsa pepala. Lisiti linanyowa ndi mvula, kapena lili m'dzina la mnyamata amene anatumidwa kukagula kutsidya kwa malire. Chopweteka pa bwalo lotere n'chakuti palibe amene akunama. Bambo anaguladi. Mtsikana anakonzetsadi. Chinasowa ndi mawu omveka pa tsiku lopereka.

Nkhani ikakanika kumudzi imapita kukhoti, ndipo ndi bwino kholo lidziwe zimene khoti limayang'ana. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, mu gawo 24, amapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo ukwati ukatha. Lamulo la maukwati, chisudzulo ndi maubale a m'banja la 2015, mu gawo 74, limauza khoti kuti ligawe katundu mwachilungamo poona zimene aliyense amapeza, zimene ali nazo, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, komanso dzanja limene anaikapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Kuphika, kutunga madzi ndi kulera ana zimawerengedwa. Lamulo lomweli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa mwambo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhalenso wa anthu amene angokhalira limodzi kwa zaka zosachepera 5. Kunena kuti "sanapange chinkhoswe" sikutsekeratu khomo.

Koma lamulo silinena kuti chilichonse cholowa m'nyumba ndi cha onse. Mu 2017, pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, khoti lalikulu la apilo linagamula kuti katundu sasanduka wa awiri chifukwa chongoti wapezeka anthuwo ali pabanja. Khoti liyenera kufufuza cholinga chimene chinalipo pomupeza, ndiponso ngati winayo anaikapo dzanja. Mfundo ziwirizi, cholinga ndi dzanja, ndizo mutu wa nkhani yonseyi. Cholinga chili m'mphamvu ya kholo lopereka. Dzanja lili m'mphamvu ya amene akukhala m'nyumbamo, ndipo kholo silingalifufute.

Anansi athu anaikonza nkhaniyi mwanjira zawo. Ku Mozambique, kungodutsa siteshoni yathuyi, anthu akakwatirana popanda pangano lina lolemba, amagawana zimene apeza ali pabanja, koma chimene mmodzi wapatsidwa ngati mphatso kapena cholowa chimakhalabe chake. Ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri, okwatirana popanda pangano lolemba ukwati usanachitike amaphatikiza chuma chawo chonse, ndipo mphatso ya kholo imalowa momwemo pokhapokha woperekayo atanena momveka kuti isalowe. Malamulo ndi osiyana, koma onse amabwerera pa funso limodzi: pamene unkapereka, unati n'cha yani?

Apa ndi pamene ambirife timagwa, ndipo chotigwetsa ndi manyazi. Timaona ngati kunena kuti "makinawa ndi a mwana wanga wamkazi" pamaso pa mkamwini ndi kumunyoza. Timaopa kuti anthu adzati apongozi aja ndi aumbombo, akufuna kupasula banja. Ndiye timamwetulira, timati "ndi zanu izi ana anga", mumtima tikutanthauza zina. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mawu amene tinachita nawo manyazi tsiku lachimwemwe timadzawanena mokalipa tsiku lachisoni, pamene palibenso wowakhulupirira.

Chonsecho kutchula mwini wa mphatso pagulu si chinthu chachilendo kwa ife. Pa nikah, mahari amatchulidwa pamaso pa shehe ndi mboni, ndipo aliyense amachoka akudziwa kuti ndi a mkaziyo. Palibe amakhumudwa. Pa chinkhoswe, ankhoswe amapatsana nkhuku ndi ziwiya anthu onse akuona, kuti mawa pasadzakhale wokana. Nanga chigayo cha ndalama zankhaninkhani tichiperekerenji mobisa ngati chakuba?

Kholo lofuna kuteteza mphatso yake liitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri tsiku lopereka. Linene ndi pakamwa pake ngati chinthucho likupatsa mwana wake yekha, ngati likupatsa banja lonse, kapena ngati likungobwereketsa. Zitatuzi n'zosiyana, ndipo milandu yambiri imabadwa chifukwa kholo linkaganiza chimodzi, mwana chachiwiri, mpongozi chachitatu. Zonenedwazo zilembedwe, ankhoswe asayine kapena adinde chala, amfumu aikepo chidindo, mbali iliyonse isunge pepala lake. Lisiti likhale m'dzina la amene akupatsidwa. Ngati ndi njinga kapena galimoto, blue book ikhale m'dzina lomwelo. Ngati ndi malo, kalata ya amfumu itchule dzina la mwini ndi malire, ndipo kumene kalembera wa malo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016 wafika, dzina lolembetsedwa likhale lomwe kholo likufuna. Ngati ndalama zinatumizidwa pafoni kapena kubanki, umboni wake usungidwe.

Kholo liganizirenso za dothi limene likumangapo. Bambo amene akugulira mwana wake wamwamuna malata ndi simenti kuti amange kuchikamwini adziwe kuti akumanga pamalo a eni. Banja likadzatha nyumbayo sidzazulidwa, ndipo kupita kukasasula denga pamutu pa adzukulu ndi chinthu chimene mudzi sudzaiwala. Ngati cholinga ndi chakuti mwanayo adzakhale ndi pogwira mawa, kuli bwino kumugulira puloti pamalo ena. Ngati cholinga ndi chakuti adzukulu agone pouma, amange kuchikamwiniko ndi mtima umodzi, osadzawerenganso malata.

Makolo ena amaona kuti njira yachidule ndi kusiya zonse m'dzina lawo: chigayo n'changa, nyumba ndi yanga, inu muzingogwiritsa ntchito. Pakhoti njirayi imatetezadi, chifukwa khoti siligawa katundu wa munthu amene sali m'banjalo. Koma ili ndi mtengo wake. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Munthu sasamala chinthu chimene akudziwa kuti angalandidwe tsiku lililonse, ndipo mwana wa zaka 35 amene ayenera kupempha chilolezo kuti asinthe lamba wa chigayo sanakule. Kuonjezera apo, khololo likadzamwalira lisanalembe wilu, katunduyo adzalowa m'chuma chamasiye chogawana ana onse, ndipo mwana amene ankamuteteza kwa mkazi wake adzayamba kulimbana ndi abale ake. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda katundu ndipo limalola aliyense kulemba wilu. Wosankha njira iyi alembe wiluyo asanadwale.

Zonsezi ndi zoteteza cholinga. Tsopano tifike pa dzanja, pamene pepala limathera mphamvu.

Taganizani za nyumba imene makolo anagulira mwana wawo wamwamuna puloti yake ndi malata ake. Mwamunayo wapita ku Joni, wakhalako zaka zinayi, ndalama zikubwera mwa apo ndi apo. Amene ankadzuka nkhuku zisanalire kukatunga madzi oumbira njerwa ndi mkazi wake. Ndiye ankanyamula nkhuni zootchera uvuni, kuphikira amisiri, kulondera simenti kuti isabedwe, mwana ali kumsana. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, monga inachitiranso mu 1995, nsomba zitasowa ndipo ndalama zitauma m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanjayi, mabanja ambiri anagulitsa katundu kuti adye. Kumene katundu anapulumuka, kawirikawiri panali wina amene ankagulitsa mandasi, kuyenda pa ganyu kapena kuoda tomato kuti chinthucho chisagulitsidwe. Banja lotere likatha, makolo n'kutulutsa kalata yosonyeza kuti puloti anagula ndi iwo, kalatayo ikunena zoona. Koma sikunena zoona zonse. Puloti inali tchire, lero ndi nyumba, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi msana wa mwana wa eni.

Chimodzimodzi mkamwini amene anapeza makina osokera a mkazi wake ali m'bokosi, iye n'kumanga kashedi, kugula nsalu ndi ndalama za usodzi, kumayenda panjinga kukagulitsa mayunifolomu m'masukulu. Makinawo ndi a mkazi. Bizinesiyo anaimanga awiri.

Makhoti athu afika patali pozindikira thukuta lotere. Mu 2020, pa mlandu wa Tewesa, khoti lalikulu linagamula kuti mkazi amene anagwira banja pamene mwamuna wake ankaphunzira mpaka kupeza digiri ayenera kulipidwa chifukwa cha gawo lake m'maphunzirowo. Ngati thukuta la mkazi likuoneka m'digiri, chinthu chosagwirika ndi manja, kuli bwanji m'khoma la njerwa zimene anaumbira yekha madzi?

Ndiye chifukwa chake ndimakana nzeru ya makolo amene amafuna pepala loti mpongozi adzachoke chimanjamanja zivute zitani. Kuteteza chimene unagula ndi chilungamo. Kugwiritsa ntchito chimene unagula kuti ukolole zaka khumi za ntchito ya munthu wina ndi kuba, ngakhale pakhale chidindo cha amfumu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana amene walowa m'nyumba ya mwana wanu ali ndi mayi amene anamubereka ndi ululu womwewo, ndipo mnyamata amene mukumutcha mkamwini lero, kwawo ndi malume a mbumba. Pafupifupi kholo lililonse kuno limaima mbali zonse ziwiri za bwalo m'moyo wake: chaka chino likuteteza katundu wa mwana wake wamwamuna, chaka chamawa likulirira thukuta la mwana wake wamkazi. Muyeso umene lidzafune tsiku lachiwirilo liuyambe tsiku loyamba.

Pangano labwino limanena zinthu ziwiri, osati chimodzi. Limati puloti iyi, kapena chigayo ichi, ndi cha uje, chochokera kwa makolo ake. Limatinso zimene awiriwa adzaonjezerepo ndi manja awo, ndi phindu limene lidzatulukemo, ndi za onse awiri, ndipo zidzagawidwa mwachilungamo ana atapatsidwa malo oyamba. Mpongozi amene wamva mawu oterewa pamaso pa ankhoswe ake sachita manyazi. Amadziwa pamene waima, ndipo amagwira ntchito ndi mtima wonse chifukwa akudziwa kuti sakulimira eni. Chimene chimadwalitsa banja si mawu omveka. Ndi kunong'ona kwa kuseri, kwa apongozi amene amauza mwana wawo kuti "usamuonetse mapepala ameneyo". Banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo kholo likhoza kukhala wachitatuyo kudzera m'mphatso imene silikufuna kuisiya.

Tikabwerera ku mwambi uja, tiona kuti akuluakulu sanati chimene waika chidzabwera monga momwe unachiperekera. Wopereka ufa ankatha kudzalandira ndiwo, kapena anthu omusenzera denga, kapena omukumbira manda. Kholo limene lagulira mwana wake chigayo silidzalandiranso chigayo. Lidzalandira mdzukulu amene anaphunzira ndi ndalama za chigayocho, ndiponso munthu wodzalitengera kuchipatala cha Machinga ku Liwonde miyendo ikadzakana. Kwathu kuno ana amatsata mayi. Makolo a mwamuna amene alanda zonse kwa mpongozi wawo pa tsiku la chisudzulo alanda adzukulu awo omwe, ndipo anawo amakula akudziwa amene anachotsa matiresi pamene ankagonapo. Apambana mlandu, koma chimene anaika chija achitaya.

Kwa amene anapereka kale osanena kanthu, nthawi yokonza ndi ino, banja la ana likadali pamtendere. Aitane ankhoswe, aphike nsima, anene poyera kuti chakuti ndi chakuti n'cha yani, afunsenso mpongozi kuti watayapo chiyani kufikira lero, zonsezo zilembedwe papepala limodzi. Ndipo ngati tsiku loipa lidzafikebe, katundu n'kuunjikidwa pabwalo, kholo lidzaimirire ndi pepala lake mopanda mantha, litchule chimene linagula. Likatero lisakhale pansi msanga. Lidzatchulenso, lisanafunsidwe ndi amfumu, njerwa, ngongole ndi zaka zimene mwana wa eni anasiya pakhomopo, n'kupempha kuti apatsidwe gawo lake lonse.